Kawiri Kokha, Lamulungu Lililonse

Tsiku limene Damiyano Kalilangwe ankachoka m'dziko la Tayanizakale kukasaka ntchito kunja, anagula timafoni tiwiri tofanana, ta mabatani, takuda ngati makala. Kamodzi anakaika m'thumba. Kenako anakapereka kwa mchemwali wake wamkulu, Felesiya, amene anamuperekeza pa depoti ya mabasi.

"Achemwali," anatero, "Lamulungu lililonse mukatuluka m'tchalitchi ndizikuflashani. Iziitana kawiri kokha, ine n'kudula. Mukamva choncho muzidziwa kuti ndili moyo. Koma musamayankhe, mayunitsi ndi odula."

Felesiya anali wa anthu aja amene ukawauza kuti dikirani pompano, umadzawapeza pomwepo chaka chamawa. Anakatembenuza kafoniko uku ndi uku, n'kukamanga pansonga ya chitenje.

"Kawiri," anatero. "Ikadzakhala chete, ndidzadziwa kuti wafa. Ikadzaitana kopitirira apo, ndidzadziwa kuti akuimba ndi munthu amene watola foni ya mtembo. Ndidzakulira, tidzameta, dimba lako lija ndidzagawira ana anga. Ndipo umve bwino iwe Damiyano, ine munthu sindimulira kawiri. Ukadzatulukira nditakulira kale, udzangopitirira kumanda komweko."

"Ndalonjeza, achemwali."

Lonjezolo analisunga zaka zoposa makumi awiri. Anaflasha ali m'minda ya mphesa ya azungu, anaflasha ali pakhomo la mgodi, ndipo Lamulungu lina atagonekedwa m'chipatala anachita kupempha namwino kuti amudinire batani. Kwawo mafumu analowa n'kutuluka, nkhope za pandalama zinasintha, koma kafoni ka Felesiya kankaitana kawiri n'kukhala chete. Mawu a mchemwali wakeyo sanawamvenso, ndipo mwina n'chifukwa chake awiriwa sanayambanepo. M'mbiri yonse ya Tayanizakale munalibe ubale wina wamtendere chotero.

Tsono mtchona uja anabwerera. Lachisanu masana anatsika basi mumzinda waukulu wa Dikirani, mutu uli mbuu, mano akutsogolo atatsala kunja, atanyamula sutikesi ndi bulangete lamaluwa la achemwali. Mibawa imene ankaikumbukira mumsewu waukulu anaipeza itadulidwa. M'malo mwake munali zikwangwani zazitali ngati mibawa yomweyo, kungoti zopanda mthunzi, chilichonse chili ndi nkhope ya Mfumu Nthawiyanga Wachiwiri itagwira foni yonyezimira. Nyumba yowerengeramo mabuku, mmene Damiyano anaphunzirira kukangana ndi anthu akufa, tsopano ankagulitsiramo mawigi.

Anatulutsa kafoni kake kuti aone nthawi, n'kupeza kuti timizere ta netiweki palibe. Anakakweza m'mwamba. Anayenda nako chotero mpaka kulowa mumsika wa Nangatitani, dzanja lili m'mwamba ngati mwana wasukulu amene akudziwa yankho.

"Bambo, tsitsani mkono, mutopa," anatero mayi wina amene anakhala kuseri kwa mulu wa zingwe zakuda. "Kapena mukupatsa moni ndege?"

"Ndikufuna netiweki, mayi."

"Ya kameneko tinaika m'manda sabata yatha. Panabwera ndi oimba malipenga. Mwachokera kuti inu?"

"Kunja."

"Zikuoneka. Jekete lotere ndinaliona komaliza pa ukwati wa malume anga."

Mayiyo anali Nachisale, ndipo anamufotokozera zonse mosapupuluma, ngati munthu amene akusimba za matenda a mnansi. Mfumu inalamula kuti mafoni onse a mabatani azimitsidwe, chifukwa akuchititsa manyazi dziko pamaso pa alendo. Aliyense agule foni yatsopano yotchedwa Ulemerero 8. Woitanitsa mafoniwo kunja anali mmodzi yekha, ndipo mwangozi chabe anali mlamu wake wa mfumu.

"Nanga Ulemerero 7 inapita kuti?"

"Inadwala tsiku limene inatuluka eyiti. Inayamba kuyenda pang'onopang'ono ngati maliro a munthu wolemera, kenako inatupa mimba. Sikisi inafanso chimodzimodzi itaona seveni. Mafoni amenewa ndi a mtima wansanje, bambo."

"Ndiye zingwezi?"

"Machaja awo. Iliyonse imabwera ndi kamwa lakelake, chaja cha mkulu sichilowa mwa mng'ono. Ndiye anthu amandigulitsa akufawo, ine n'kumagulitsa kwa oweta. Cha folo chimamanga bwino nkhuku. Cha sikisi ndi cha mbuzi. Mukufuna chiti?"

Damiyano sankamvanso. Ankaganiza za mkuja, limene linali Lamulungu. Kwawo, m'boma la Kumathero, unali ulendo wa masiku awiri, ndipo ku depoti anali atamuuza kale kuti mabasi onse a m'dzikomo atengedwa kukatuta anthu odzaombera m'manja pa chikondwerero cha Ulemerero 8. Abwerera ntchito ikatha, sabata yamawa, mafuta akapezeka.

"Ku Kumathero nako azimitsa?" anafunsa.

"Ayi. Galimoto yokazimitsa ili pamzere wa mafuta. Kumene kuja adakali m'mdima, mafoni awo akugwira bwinobwino."

Choncho kafoni ka Felesiya kanali moyo, kakudikira. Vuto linali mbali ino. Kubwereka foni ya munthu sikukanathandiza, pakuti Felesiya ankadziwa nambala imodzi yokha padziko lapansi, ndipo ina iliyonse ankaiyesa ya akuba. Damiyano anafotokozera Nachisale nkhani yonse, ya kawiri, ya kumeta, ya dimba. Mayiyo anapukusa mutu.

"Ndiye kuti mkuja mukufa?"

"Pokhapokha nditaonana ndi Tobiyasi Kamtedza. Ndaona dzina lake pachikwangwani. Tinkakhala benchi limodzi kusukulu, samu zake zonse zinali zanga."

"Nduna ya Zatsopano ija? Pitani mawa ku bwalo la mfumu, Loweruka amalola anthu wamba kukaonerera. Koma mukadye kaye."

Damiyano ankakumbukira bwalo la mfumu lili pansi pa mtengo wa kachere, pamene munthu woyankhula zopusa ankadziwa yekha chifukwa mbalame zinkamveka kuposa iye. Tsopano linali nyumba yagalasi lokhalokha, yopanda zenera lotseguka, yomangidwira makina oziziritsa mpweya. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa. Nduna zinakhala m'masuti awo zikuphikika mwaulemu.

Mfumu Nthawiyanga inaimirira, onse n'kuomba m'manja. Inatsokomola, anaombanso.

"Anthu anga," inatero, "nditalowa ufumu ndinapeza dziko lomvetsa chisoni. Munthu ankagula foni, n'kukwatira nayo, n'kubereka nayo ana, anawo n'kuilandira ngati chuma chamasiye. Chinthu chosafa chimagonetsa dziko. Kodi mukufuna adzukulu athu adzatipeze tili ndi chaja chomwechi?"

Nduna zonse zinakana kuti sizikufuna zimenezo.

Kenako anaimirira Tobiyasi. Damiyano anamuzindikira ndi makutu okha, chifukwa zina zonse zinali zitakula. Ananyamula Ulemerero 8 ndi manja awiri monga wansembe amanyamulira chikho.

"Mfumu yanga, foni iyi siitsegulidwa ndi manambala achinsinsi ayi. Imatseguka mwiniwake akaimwetulira. Alendo akhala akulemba kuti anthu a Tayanizakale ndi okwiya. Tsopano aliyense wofuna kuimba foni, kaya akuitana adokotala, kaya akunena za maliro, aziyamba waonetsa chimwemwe."

M'manja munalira, Tobiyasi n'kupitiriza.

"Batire lake talimatira m'kati, silichoka. Tinamva kuti ena ankachotsa mabatire nthawi ya uthenga wanu wa m'mawa. Komanso siilowa madzi. Apa tinaganizira misewu ya mumzinda uno nthawi ya dzinja, ndipo tinaona kuti n'kwapafupi kukonza foni kusiyana ndi kukonza ngalande."

Ku Tayanizakale ufumu umasinthana pakati pa mabanja awiri, ndipo banja limene lili panja limakhala kumanzere kwa bwalo kudandaula. Mtsogoleri wawo, a Ndikanakhalaine, anaimirira thukuta lili kamukamu.

"Uku ndi kuzunza amphawi," anatero. "Ife tikadzalowa, tsiku loyamba lomwelo tidzazimitsa Ulemerero 8 yense. Tidzapatsa anthu ufulu wogula Chipulumutso 1."

"Chaja chake chotani?" inafunsa nduna ina.

"Chakechake. Mlamu wanga wayamba kale kuitanitsa."

Atakhala pansi, Tobiyasi anapempha kuwonjezera kanthu kamodzi, ndipo apa mpamene Damiyano anatchera khutu.

"Mfumu yanga, pali mdani wina wa chitukuko, ndiye kuflasha. Anthu anu akulankhulana ulere. Ikaitana kamodzi ndiye kuti ndafika. Kawiri, ndili bwino. Katatu, bweza poto wanga. Pali mabanja athunthu amene sanagulepo mayunitsi chikwatiranireni. Chuma cha dziko chikuthera m'kuitana."

Mfumu inaganiza kwa kanthawi, ikudzikupiza ndi pepala la ndondomeko ya zachuma.

"Nkhani imeneyo ipite ku komiti."

Mtima wa Damiyano unakhala pansi. Zambiri zinali zitasintha m'dziko lake, koma ankadziwa kuti ku Tayanizakale komiti ndi manda. Ali mnyamata kunakhazikitsidwa komiti yoona za mlatho wa ku Kumathero, ndipo anthu mpaka lero amawoloka atanyamula nsapato m'manja.

Bwalo litabalalika, Damiyano anamutsekera njira Tobiyasi pakhonde.

"Dami? Iwe uli moyo?"

"Mpaka mawa masana."

Anamufotokozera mwachangu, n'kupempha chinthu chimodzi chokha, kuti netiweki yakale iyatsidwe mawa kwa kamphindi, kongokwanira kuitana kawiri. Tobiyasi anaseka mpaka anagwira khoma.

"Makina ake tinagulitsa kwa osula mbaula, mnzanga. Wakhalitsa kunja iwe. Ingogula foni yatsopano, nambala yako akusungira yomweyo. Usakhale mdani wa mawa."

Pomwepo foni ya ndunayo inaitana. Iye sanaiyang'ane n'komwe. Anaipereka kwa bambo wina wa suti yotuwa amene ankamutsata pambuyo, bamboyo anaonetsa mano onse, foni inatseguka, n'kuibweza.

"Ameneyu ndi Womwetulira Wamkulu wa unduna wathu," anatero Tobiyasi. "Ine ndi udindo wangawu sindingamangoseka paliponse. Upite bwino, Dami. Upereke moni kwa achemwali."

Masana omwewo jekete lija ndi bulangete lamaluwa zinapeza eni ake atsopano mumsika wa Nangatitani, Nachisale ndiye ankanenerera mtengo. Sutikesi inatsatira pamene zinadziwika kuti chaja amagulitsa pachokha. Damiyano anakalowa m'sitolo ya mlamu wa mfumu atavala shati lokha, zovala zotsala zili m'jumbo.

Pakhomo panali mgolo waukulu woponyamo mafoni akale, ndipo lamulo linali lakuti usanalandire yatsopano uponyemo yako. Anakatulutsa kafoni kake. Manambala a pamabatani anali atafufutika kalekale, koma chala chake chinkawadziwa. Kanagwapo m'chitsime, kanapondedwapo ndi thirakitala, ndipo batire lake linali likadali lodzaza kuchokera sabata yatha. Anachotsa simukhadi, n'kukaponya. Katagwera pa tinzake kanayaka, kakuonetsa nthawi yolondola.

Mtsikana wa m'sitolomo anadula simukhadi ija ndi sizasi kuti ichepe, anailowetsa, kenako anamulozetsa foni yatsopanoyo kumaso.

"Mwetulirani, agogo, ikudziweni."

Damiyano anayesa.

"Ayi, agogo, kumeneko ndi kumva dzino. Yesaninso."

Anayesa kangapo, mzere wa anthu kumbuyo ukumulangiza, mpaka foni inavomera china chake chimene nkhope yake inachita mwangozi.

Lamulungu linafika. Damiyano anakhala pa benchi la Nachisale kuyambira m'mawa, foni ili pamiyendo, itakhuta moto wa jenereta ya wometa tsitsi. Nkhani yake inali itazungulira msika wonse, moti belu la tchalitchi litalira kuti mapemphero atha, ogulitsa anasiya malonda awo n'kumuzungulira. Kumbali konse kwa msikawo kunali anthu ena ataima paokhapaokha, atakwinya zipumi, akuonetsa mano kwa mafoni awo ngati agalu olimbirana fupa. Mlendo akanaona akanalemba kuti dzikolo ndi lachimwemwe.

Damiyano anakweza foni n'kumwetulira.

"Simukuoneka osangalala mokwanira," inatero foniyo ndi mawu a mkazi waulemu kwambiri. "Chonde yesaninso."

Anayesanso.

"Nkhope iyi ndi ya munthu wodandaula. Ngati muli ndi dandaulo, kaonaneni ndi komiti."

"Musakakamize, bambo," anatero Nachisale. "Ganizirani chinthu chokoma. Ine ndimaganizira mlamu wa mfumu atagwera m'chimbudzi cha pamsika pano. Imatseguka nthawi yomweyo."

"Ine ndimaganizira apongozi anga atasamuka," anatero wogulitsa nsomba.

Damiyano anatsinzina. Anaganiza za dimba lake m'mbali mwa mtsinje, mizimbe itatsamira pamadzi, ndi tsiku lina ali mwana pamene Felesiya anamuthamangitsa ndi chikuni kuzungulira nkhokwe chifukwa choba mbatata yootcha, mpaka onse awiri anagwa ndi chizungulire. Milomo yake inatseguka yokha, mpata wa mano uja uli poyera, ndipo foni inati kwee, yatseguka. Anthu anaomba m'manja, mwina koyamba chaka chimenecho popanda wowatuma.

Damiyano analemba nambala ya Felesiya movutikira, chifukwa galasi losalala lija linalibe poti chala chigwire. Choyamba panabwera moni wa mfumu, wofunira woimbayo kuyankhula kwachitukuko. Onse anadikira moniwo uthe. Kenako, kutali ku Kumathero, kafoni kanayamba kuitana.

Kamodzi.

Kawiri.

Damiyano anadina pofiira.

"Malinga ndi chigamulo cha komiti," inatero foni ija mwaulemu womwewo, "kuflasha kwathetsedwa m'dziko lonse. Foni yanu ipitiriza kuitana mpaka amene mukuwafunawo atayankha. Zikomo pothandiza kutukula dziko."

Inaitana kachitatu.

"Komiti yake iti?" anafunsa Damiyano, akudina pofiira paja mobwerezabwereza. "Aikhazikitsa dzulo lomweli."

"Wapampando wake ndi mlamu uja," anatero Nachisale. "Imeneyo ndiye imakumana. Mayunitsi amagulitsanso ndi iyeyo."

Damiyano anaitembenuza kuti achotse batire. Kumbuyo kwake kunali kosalala ngati dzira. Anakanda ndi chikhadabo, anayesa ndi mpeni wa wogulitsa nsomba, osapeza poyambira. Wina anati aivundikire ndi poto kuti netiweki isaione, ndipo anaivundikira. Koma netiweki ya ku Dikirani, imene imathawa munthu akafuna ambulansi, tsiku limenelo inalowa ndi m'poto momwe.

"Iponyeni umu," anatero wogulitsa nsomba, akukankha beseni la madzi.

Anaiponya. Inamira pakati pa milamba, n'kupitiriza kuitana pansi pamadzipo, kuwala kwake kukuonekera bwinobwino.

"Onani," anatero wometa tsitsi. "Pamenepa pokha sananame."

Kalipentala wina anabwera ndi hamala, koma ataona kuti pagalasi la foniyo pali nkhope ya mfumu, anaibisa kumbuyo n'kunena kuti amangodutsa. Damiyano anaivuula, madzi akuchucha m'manja, n'kuiika pakhutu.

"Achemwali, yankhani," anatero. "Ndine. Yankhani kamodzi kokha."

"Ayankha, bambo, akaona kuti yalimbikira," anatero wogulitsa nsomba.

"Sayankha. Ndinawauza ndekha kuti asamayankhe."

Anthu anamvetsera kuitanako. Kenako mmodzimmodzi anayamba kubwerera kumalonda awo, ena akumugwira paphewa podutsa monga amachitira ndi anamfedwa. Nachisale anasuntha mulu wa machaja kuti amupatse malo okwanira pabenchi.

"Pepani, bambo," anatero. "Munali munthu wabwino. Mukamva tsiku lometa mudzatiuze, mwina mabasi adzakhala atayamba kuyenda."

Lamulungu limenelo kafoni ka Felesiya sikanaitane kawiri. Kanaitana mpaka madzulo.